Ziro Ndiye Kukhoza

*Ku Mtendere, mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Malaiti angobwera kumene. Ambuya, amene ndi msungichuma wa chilimba cha amayi ogulitsa pamsikapo, akuwerenga ndalama za vitumbuwa. Mdzukulu wawo, amene anaphunzira za kompyuta ku UNZA, wakhala pa mpando wapulasitiki, laputopu ili pamiyendo.*

AMBUYA: Amuna anga, mwagwira mutu bwanji? Malaiti abwera, anzanu pa poloti pano akulimbirana soketi, inu mwangoti ndwii.

MDZUKULU: Ambuya, pali kankhani kakang'ono.

AMBUYA: Dikira ndiyambe ndabisa ndalamazi. *(Akuzimanga pa nsonga ya chitenje.)* Eya, lankhula.

MDZUKULU: Si za ndalama. Ndi buku la chilimba lija ndinakukoperani m'kompyuta. Paja ndinakonza kuti usiku uliwonse pa 22 hours lizitumizidwa ku seva pa intaneti, kuti laputopu ikabedwa kapena ikanyowa ndi mvula, maina a amayi ndi zopereka zawo zisatayike.

AMBUYA: Ndiiwala bwanji? Ndikangoti ndigone, foni tii-tii. Ndifufuze magalasi, ndiwerenge: "Zatheka." Mawa lake chimodzimodzi, "Zatheka." Ndinafika pouza amayi pamsika kuti mdzukulu wanga sagona, amalondera ndalama zathu.

MDZUKULU: Ndiye lero ndakasuzumira ku seva kuja. Kulibe chimene chinafikako kuyambira mwezi watha.

AMBUYA: Kulibe.

MDZUKULU: Buku silinatayike, lili m'laputopu muno. Kungoti silimapita.

AMBUYA: Nanga "Zatheka" uja ankanena kuti chatheka n'chiyani? Kundidzutsa?

MDZUKULU: Ndikufotokozereni bwinobwino. Pulogalamu imene ndinalemba ine sinyamula bukulo yokha. Imatuma pulogalamu ina, dzina lake curl, imene ntchito yake ndi kutumiza ndi kulandira zinthu pa intaneti. Yotumayo timaitcha kholo, yotumidwayo timaitcha mwana.

AMBUYA: Usandinyengerere ndi mawu akumudzi chifukwa ndine nkhalamba.

MDZUKULU: Zoona, Ambuya, ndi mmene alembera m'mabuku. Kholo ndi mwana. Pulogalamu ikafuna kutuma inzake imayamba yadzigawa pawiri, pamatuluka ina yofanana nayo ndendende. Zimenezo ndi fork. Kenaka yatsopanoyo imavula zonse za kholo n'kuvala ntchito imene yatumidwa. Zimenezo ndi exec.

AMBUYA: Kubereka kopanda mimba, kopanda chikuta, kopanda wobwera ndi sopo kudzaona mwana.

MDZUKULU: Ndipo kumachitika kambirimbiri pa mphindi imodzi. Ngakhale mu Tecno yanuyo. Mukatsegula WhatsApp, imabadwa choncho kuchokera ku pulogalamu ina imene imangokhalira kubereka anzake.

AMBUYA: N'chifukwa chake imatentha. Nanga abambo a ana onsewa ndani?

MDZUKULU: Mwambowu unakulira mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anaiyamba mu 1969 ku Bell Labs, ku New Jersey, ku America.

AMBUYA: Mu 1969 ine ndinali ndisanavinidwe n'komwe, ndili ku Katete. Ndiye zinthuzi si za ana a lero?

MDZUKULU: N'zakale. Ritchie anamwalira mu 2011.

AMBUYA: Chaka chimene a Sata analowa.

MDZUKULU: Imene ili m'laputopu muno ndi m'foni yanu ndi Linux, yotsata mwambo womwewo. Anaiyamba Linus Torvalds mu 1991, ali mwana wa sukulu ku Helsinki, ku Finland.

AMBUYA: Chaka chimene a Kaunda anatuluka. Ndiye mnzako uyo anapanga zimenezi akadali pasukulu, iwe wamaliza, wavala mkanjo, tajambulitsa nawe pa Great East Road dzuwa likutiotcha, koma kutumiza buku limodzi kwakukanika.

MDZUKULU: Ambuya, ndisiyeni ndimalize. Mwana uja akatsiriza ntchito, satuluka chete. Amasiya nambala imodzi, yotchedwa exit status, ndipo kholo liyenera kudikira n'kuitenga. Nambala imeneyo ndi imene imanena ngati zayenda kapena ayi.

AMBUYA: Eya, apo ndiye walankhula za anthu. Mwana ukamutuma, abwere anene. Ndiye zikayenda amanena bwanji? Handiredi?

MDZUKULU: Ziro.

AMBUYA: Ati?

MDZUKULU: Ziro. Ziro ndiye kuti zonse zayenda bwino.

AMBUYA: Iwe, uli Giredi 6 unabwera ndi ziro wa masamu, unabisa pepala pansi pa mphasa. Ndinakukwapula ndi kamtengo ka pichesi. Ukufuna kundiuza kuti ndinakwapula mwana wokhoza?

MDZUKULU: Kusukulu amawerenga zimene wakhoza. Kuno amawerenga chimene chavuta. Ngati palibe chavuta, ziro. Komanso taganizani: kukhoza n'kumodzi, sikufuna kufotokoza. Kulephera ndiye kuli mitundumitundu. Choncho ziro anamupatsa kukhoza, ndipo manambala otsala, 1 mpaka 255, anawasiyira zifukwa.

AMBUYA: Zifukwa 255. Amene anakonza zimenezi analerapo anyamata. Tandiuza zina.

MDZUKULU: Zina n'zodziwika kulikonse. Mukatuma pulogalamu imene kulibe, mwina mwalakwitsa dzina, mumalandira 127. Ikakhalapo koma ilibe chilolezo choyenda, 126. Zina pulogalamu iliyonse ili ndi zake. Wathu curl uyu, amene anamulemba Daniel Stenberg wa ku Sweden, akanena 6 ndiye kuti dzina la kumene mwamutuma walephera kulipeza. Akanena 7, malo wawadziwa koma walephera kulumikizana nawo. Akanena 28, nthawi yamuthera.

AMBUYA: Sikisi: "Ambuya, nyumbayo sindinaione." Seveni: "Ndagogoda, sanatsegule." Twente-eyiti: "Mzere unali wautali mpaka kwada." Onsewa ndikuwadziwa, ndinawalera m'nyumba muno. Koma onsewa ndi ana abwino, chifukwa abwera anena. Ndiye mlandu uli ndi iwe. Unatuma mwana, osamufunsa.

MDZUKULU: Iyayi, kufunsa ndinafunsa. Taonani apa. Pali kachizindikiro aka, ka dola ndi ka funso. Kamasunga nambala ya amene wangomaliza kumene. Ndinalemba kuti kakakhala ziro, meseji ipite kwa Ambuya.

AMBUYA: Ndiye curl wakoyo ndi wabodza.

MDZUKULU: Si wabodza kwenikweni.

AMBUYA: "Kwenikweni." Tayandikitsa chinthucho. Mzere uwu uli ndi kandodo koimirira pakati. Uyu wa kutsogolo kwa kandodoyu ndani?

MDZUKULU: Ameneyo ndi tee. Ndi mwana wachiwiri. Ntchito yake ndi kulandira zonse zimene curl akulankhula n'kuzilemba mu fayilo, kuti pakhale mbiri.

AMBUYA: Ndiye unatuma awiri. Wina wonyamula katundu, wina wolemba.

MDZUKULU: Eya.

AMBUYA: Pobwera unafunsa uti?

MDZUKULU: Mwambo wake ndi wakuti mukawalumikiza ndi kandodoko, nambala imene imabwera ndi ya womaliza pamzere.

AMBUYA: Ndakufunsa kuti unafunsa uti.

MDZUKULU: Wolemba.

AMBUYA: Ndipo wolembayo anati chiyani?

MDZUKULU: Anati ziro. Chifukwa iye ntchito yake anaigwira. Analemba.

AMBUYA: Mayo ine! Wonyamula katundu wagwa m'ngalande, akulira, mnzake waima pambali akulemba kuti "wagwa, akulira," ndipo iwe ukufunsa wolembayo kuti bolopeni ikulemba bwino? Ndiye n'kudzutsa ine usiku kuti zatheka?

MDZUKULU: Zimachitikira anthu ambiri, Ambuya. Ngakhale m'makampani akuluakulu.

AMBUYA: Amenewo ali ndi ambuya awo. Zimene analembazo zili kuti?

MDZUKULU: Zili mu fayilo iyi.

AMBUYA: Unaitsegulapo?

MDZUKULU: Ndaitsegula lero.

AMBUYA: Werenga.

MDZUKULU: Mzere uliwonse ukunena chimodzimodzi. Sikisi. Sikisi. Sikisi. Dzina la seva silikupezeka.

AMBUYA: Mwana wakhala akudandaula usiku uliwonse m'Chingerezi chomveka, kholo lake lili pa TikTok. Aphunzitsi ako sanakuuze zimenezi?

MDZUKULU: Anatiuza. Pali mawu amodzi owonjezera pamwamba, pipefail. Ukawalemba, aliyense pamzerepo akalephera, mzere wonse umawerengedwa kuti walephera. Palinso njira yofunsira aliyense payekhapayekha, PIPESTATUS, imakupatsa manambala onse motsatana. Ndikadaigwiritsa ntchito ndikadaona sikisi ndi ziro, osati ziro yekha.

AMBUYA: Lemba. Ndikuona. *(Mdzukulu akulemba.)* Ndi zomwezo? Timawu tiwiri tomweto ndi timene tandichititsa manyazi pamsika?

MDZUKULU: Pali kenanso. Kachizindikiro ka dola kaja kamaiwala msanga. Mukatuma wina aliyense pambuyo pake, ngakhale wongolemba moni pa sikirini, nambala yakale imafufutika, pamakhala ya watsopanoyo. Ndiye uyenera kufunsa pompopompo n'kusunga yankho.

AMBUYA: Mwana umamufunsa ali pakhomo, thukuta lisanaume. Akangolowa n'kudya, nkhani imasintha. Manje tandiuza, nthawi yonse imene mwanayo ali panjira, kholo limatani?

MDZUKULU: Pali njira zitatu. Yoyamba, limasiya zonse n'kungodikira mpaka abwere. Imeneyo ndi wait.

AMBUYA: Kholo lopanda ntchito. Vitumbuwa zingapserere.

MDZUKULU: Yachiwiri, limapitiriza ntchito zake koma nthawi ndi nthawi limasuzumira: wabwera? Ngati sanabwere, silidikira, limabwerera ku ntchito. Yachitatu, silisuzumira n'komwe. Mwana akangomaliza, kompyuta imatumiza chizindikiro kwa kholo, dzina lake SIGCHLD, ndiye kholo limadzuka kukatenga nambala ija.

AMBUYA: Amati odi. Yachitatuyo ndiye yaulemu. Nanga akapanda kubwera? Pali ena ukawatuma mchere pa kantemba ka apa, umakawapeza ku Kalikiliki akuonera mpira.

MDZUKULU: Umamuikira nthawi. Pali pulogalamu yotchedwa timeout. Umati masekondi makumi asanu ndi limodzi, akapitirira pamenepo amuphe, ndipo iwe umalandira 124.

AMBUYA: Amutani?

MDZUKULU: Amuphe. Kill. Ndi mmene timanenera. Umapha mwanayo n'kutuma wina.

AMBUYA: *(Akudzuka msanga, akutseka zenera.)* Iwe! Makoma a nyumba zino ndi a njerwa imodzi. Mayi wa khomo linali amamva ngakhale ndikutsegula shuga. Mawa pamsika pamveke kuti m'nyumba ya msungichuma mumaphedwa ana pa 22 hours? Tsitsa mawu.

MDZUKULU: *(Monong'ona.)* Kupha kwake kulipo kuwiri. Pali chizindikiro nambala 15, chimene chimamupempha kuti amalize, atseke mafayilo ake, achoke mwaulemu. Chimenecho akhoza kuchinyalanyaza. Ndiye pali nambala 9. Chimenecho sakana, samva n'komwe kuti chabwera.

AMBUYA: Ndiye wophedwayo amanena bwanji nambala yake?

MDZUKULU: Sanena yekha. Kompyuta imamunenera. Kholo limauzidwa kuti sanatuluke yekha, wachotsedwa, ndipo ndi chizindikiro chakuti. Pa sikirini apa amaonetsa potenga 128 n'kuphatikiza nambala ya chizindikirocho. Ndiye wa nayini uja amakhala, dikirani...

AMBUYA: 137.

MDZUKULU: Wa fifitini...

AMBUYA: 143. Usatsegule kakyuleta, ndakuona. Kamtengo ka pichesi kaja sikanalakwe.

MDZUKULU: Ndipo 137 akatuluka iwe usanaphe aliyense, kawirikawiri ndiye kuti malo m'kompyuta anatha, Linux inasankha yokha pulogalamu yodya kwambiri n'kuichotsa kuti ena apume.

AMBUYA: Wodya kwambiri. Lamulo limenelo likadakhala la m'nyumba muno, iwe sukadafika Giredi 9. Nanga bwanji manambala athera pa 255? Zifukwa zinatha?

MDZUKULU: Malo osungira nambalayo ndi aang'ono, timabokosi tisanu ndi titatu tokha, kalikonse kongotha kunena eya kapena iyayi. Timeneti timawerenga kuyambira ziro mpaka 255, basi. Pulogalamu ikayesa kutuluka ndi 256, nambala imazungulira n'kubwerera pa ziro.

AMBUYA: Bwereza.

MDZUKULU: Tinene kuti munthu walemba pulogalamu yoti izituluka ndi chiwerengero cha zolakwika zimene yapeza. Ikapeza chimodzi, 1. Ikapeza khumi, 10. Ikapeza 256, kholo limalandira ziro, n'kumati zonse zili bwino.

AMBUYA: Wolakwa kamodzi agwidwe, wolakwa ka 256 atuluke woyera. Zimenezo si za kompyuta, ndi ndale. Tapitiriza, koma motsitsa.

MDZUKULU: Chimene chikubwerachi musatsegule zenera. Mwana akamaliza ntchito koma kholo osabwera kudzatenga nambala yake, mwanayo sachoka kwathunthu. Wafa, koma dzina lake likadali m'kaundula wa kompyuta, nambala ili m'manja, akudikira womufunsa. Ameneyo timamutcha zombie.

AMBUYA: Ndondocha! Ndinadziwa ine. Munthu sungakhale usiku wonse ukuyang'ana galasi lowala popanda kanthu kumbuyo kwake. Ali angati m'menemo? Amakugwirira ntchito yanji?

MDZUKULU: Sagwira ntchito iliyonse, Ambuya. Sadya, sayenda. Amangotsekereza mzere umodzi m'kaundula. Koma kaundulayo ali ndi malire. Akachuluka, amadzaza, ndipo kompyuta imalephera kubereka mwana wina aliyense.

AMBUYA: Ndiye umuphe ndi nayini uja.

MDZUKULU: Sizitheka. Anafa kale. Mankhwala ake ndi amodzi: kholo libwere limufunse kuti unayenda bwanji. Likangotenga nambala ija, amachoka.

AMBUYA: *(Akukhala pansi pang'onopang'ono.)* Ndiye savutitsa chifukwa cha nkhanza. Akungofuna womumvera.

MDZUKULU: Tinene choncho.

AMBUYA: Azungu aja anali ndi nzeru pang'ono. Nanga kholo likayamba ndilo kufa, mwana akadali panjira?

MDZUKULU: Amakhala wamasiye. Ndi dzina lakenso m'mabuku. Koma sasiyidwa yekha. M'kompyuta muli pulogalamu imene imadzuka yoyamba mukangoyatsa, nambala yake ndi 1. Ena onse amachokera kwa iyo. Kale inkatchedwa init, masiku ano m'makompyuta ambiri a Linux ndi systemd. Wamasiye aliyense amaperekedwa kwa iyo. Imamutenga, imamudikira, akamaliza imalandira nambala yake kuti asasanduke chimene mwatchula chija.

AMBUYA: Sifunsa kuti ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi?

MDZUKULU: Sifunsa.

AMBUYA: Sinena kuti ufa wachepa?

MDZUKULU: Imangotenga.

AMBUYA: Ameneyo ndikumudziwa. Zaka zija za m'ma 1990, matenda aja atalowa mu komboni muno, msewu uno wokha unali ndi anambala wani ambiri. Tinkakumana pa mpopi m'mawa, aliyense ndi ana amene sanabereke. Iwe unabwera mochedwa, uli ndi chipewa cha ulusi chimene chinkakutsekera maso.

MDZUKULU: Ndikudziwa, Ambuya.

AMBUYA: Sukudziwa, unali ndi miyezi isanu. Nanga nambala waniyo akafa?

MDZUKULU: Kompyuta yonse imaima. Linux imalemba pa sikirini kuti yasokonezeka, palibe chimene chingayendenso.

AMBUYA: Chimenecho ukachilembe pa chitseko. Ndipo mankhwala anga a BP ukawatenge mawa ku kiliniki, osati mkuja.

MDZUKULU: Ndikatenga.

AMBUYA: Manje mvera funso la munthu wosaphunzira. Chaka chija cha 2024, mvula itakana, madzi atatsika ku Kariba, malaiti tinkawaona maola atatu pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Tinene kuti zabweranso. Batire la chinthu chakochi latha, chazima. Kholo lafa, mwana wafa, nambala wani wafa. Amene adzanene sikisi kapena seveni ndani?

MDZUKULU: Palibe.

AMBUYA: Ndiye kudzangokhala zii.

MDZUKULU: Kudzakhala zii. N'chifukwa chake m'makampani amaika wina kunja, pa kompyuta ina, amene ntchito yake ndi kuyembekezera uthenga. Nthawi ikakwana uthenga osabwera, iyeyo ndi amene amakuwa.

AMBUYA: Ndiye kuti pa zinthu zimenezi chete si mtendere.

MDZUKULU: Ngakhale ku Mtendere.

AMBUYA: Nthabwala uzisiyire ine, iwe konza pulogalamu. Ndipo ndili ndi lina. Tinene kuti wafunsa mwana woyenera, pa nthawi yake, ndipo wanena ziro. Ukhulupirira?

MDZUKULU: Mmm. Osati nthawi zonse.

AMBUYA: Ehe.

MDZUKULU: Ziro amangotanthauza kuti mwanayo, m'maganizo ake, waona kuti wakhoza. Mwachitsanzo curl yemweyu. Akafika ku seva, seva n'kumuyankha kuti "tsamba limenelo kulibe," lija amati 404, iye amabwera ndi ziro. Kwa iye ulendo wayenda: wapita, walankhula nawo, amuyankha. Kuti aziona zimenezo ngati kulephera uyenera kumuuziratu ndi kachilembo ka f, ndiye amabwera ndi 22.

AMBUYA: Msuweni wako uja ndinamutuma kukatenga ngongole ya tomato kwa mayi wina ku Kalingalinga. Wabwera akumwetulira. Ndati wayenda bwanji? Ati bwino kwambiri, Ambuya, ndawapeza, andipatsa mpando, andipatsa munkoyo. Ndati ndalama? Ati anena kuti alibe. Koma ulendo ati wayenda bwino.

MDZUKULU: Ndi curl ameneyo.

AMBUYA: Kachilembo kajako wakaika?

MDZUKULU: Ndikukaika pano.

AMBUYA: "Ndikukaika pano." Ukadapanda kukhala ndi ine, mwezi wamawa tikadakhalanso pano. Palinso ena otere?

MDZUKULU: Pali ena otembenuka. Pali grep, amene amafufuza mawu mu fayilo. Akawapeza amati ziro, akapanda kuwapeza amati 1, ndipo akalephera n'kutsegula komwe fayiloyo amati 2. Ndiye ukamutuma kukafufuza mawu akuti "ngongole" m'buku lanu n'kubwera ndi 1, si tsoka. Ndiye kuti palibe wangongole.

AMBUYA: M'buku langa sadzabwera ndi wani ameneyo. Koma ndamva. Mwana aliyense uyenera kudziwa kalankhulidwe kake. Ndiye ukamva ziro, uzichita chimene ndimachita ine: mwana akati ndagula, ndimati tione, ndipo chenji ndimawerenga.

MDZUKULU: Ndiwonjezera kuti akamaliza kutumiza, pulogalamu ikafunse ku seva kukula kwa fayilo imene yafika, ifanizire ndi ya kuno. Zikasiyana, ilephere.

AMBUYA: Ndipo ikalephera, foni yolira ikhale yako. Ine yanga izilira Loweruka lokha, masana, nditadya. Yesa tione.

MDZUKULU: *(Akudina.)* Yatuluka. Sikisi.

AMBUYA: Bola, wayamba kunena zoona. Ndiye n'chifukwa chiyani nyumbayo sakuiona? Intaneti yatha m'Zambia?

MDZUKULU: Intaneti ilipo kuyambira 1994, pamene ZAMNET inayamba pa UNZA pompa. Chatha ndi bandulo ya mu kabokosi aka. Meseji yanu ija inkadutsa chifukwa ndi SMS, sifuna bandulo. Koma sindikumvetsa. Ndinaika ya mwezi wathunthu, ndipo bukuli ndi laling'ono, silingamalize ngakhale kachigawo. Yatha m'masiku oyambirira omwe. Dikirani ndione amene analumikizapo. Pali laputopu yanga, pali foni yanga, pali Tecno...

AMBUYA: Ma Tecno ndi ambiri mu Mtendere.

MDZUKULU: Iyi dzina lake ndi "Ambuya." Ndinailemba ndekha.

AMBUYA: Azakhali ako a ku Johannesburg anali ndi mwana wodwala mano. Ukufuna ndimuone bwanji m'kamwa, pa SMS?

MDZUKULU: Maola onsewa?

AMBUYA: Mano ndi ambiri. Komanso kwaya yathu inaimba ku Chawama, wina anaika pa Facebook, ndinafuna kuona ngati chitenje changa chinaoneka bwino. Sichinaoneke bwino ulendo woyamba, ndiye ndinabwereza.

MDZUKULU: Ndiye mlandu si wanga ndekha.

AMBUYA: Iyayi, amuna anga, musasokoneze milandu. Ine ndinadya bandulo, ndavomera, lembani nambala imene mufuna pakati pa 1 ndi 255. Koma kugwa kwa mwana panjira si kumene takhalira pano. Ana amagwa. Takhalira pano chifukwa cha amene anandiuza kuti zatheka. Ndipo buku langa lachikuto cholimba lija unkati ndilitaye lili pansi pa matiresi, lilibe tsiku limene linandinamiza.

MDZUKULU: Likanyowa?

AMBUYA: Lili m'pulasitiki ya buledi. *(Akumasula nsonga ya chitenje.)* Tenga fifite kwacha iyi. Pita pa buthu ya Airtel Money ya pakona isanatseke, ukaike bandulo. Pobwera udutse pa kantemba ugule makandulo awiri, malaiti awa sindikuwakhulupirira. Ndakupatsa mphindi makumi awiri.

MDZUKULU: Zikapitirira?

AMBUYA: Ndiyamba ndi fifitini, ndidzakuimbira mwaulemu. Ukanyalanyaza, nayini ali kuseri kwa chitseko, ndi wa mpini wa tsache.

MDZUKULU: Ndipo ndikabwera ndinene ziro.

AMBUYA: Ziro ukamuuze Ken Thompson. Ine undipatse makandulo, undionetse meseji ya bandulo, chenji uike apa patebulo. Vala nsapato, kunja kuli matope.